Mfuti ya Radule Sinalire

Kumudzi wa kumapiri wa Javorje mwamuna aliyense amayenda ndi mfuti m'chiuno, koma mutamufunsa kuti inalira liti komaliza amayamba kukanda m'mutu. Amapita nayo kokamweta udzu, kutchalitchi, kumaliro, ena mpaka kuchimbudzi, ndipo ntchito imene imagwira tsiku ndi tsiku ndi kuboola malaya ndi kumwa thukuta la mwini wake. Mfuti yotere siitha ndi wonga ayi. Imatha ndi dzimbiri, ubweya wa juzi, tinyenyeswa ta fodya ndi ta buledi tomwe timalowa mwakachetechete n'kukaundana m'kati. N'chifukwa chake chaka chilichonse, nkhosa zikatsika kuphiri, chipale chofewa chisanayambe kugwa, amuna onse ankandanda pakhomo pa Vukota wosula zitsulo kuti awatsukire.

Vukota anali wa zaka makumi asanu ndi limodzi, wamfupi, wa pakamwa polasa. Akamasula mfuti n'kuyala tizitsulo take pansalu ankadziwa zonse za mwini wake: amene mkazi wake wasiya kumuchapira, amene amabisa masiwiti m'thumba ngati mwana, amene juzi yake inalukidwa ndi dzanja la kunyumba ina. Ankatukwana mfutiyo osati munthuyo, koma aliyense ankamva kumene mawuwo akulowera. Anthu ankapirira chifukwa mfuti yochoka m'manja mwa Vukota inkalira.

Kulirako ndiye kunali nkhani. Kuno mfuti ikalira katatu motsatizana kuchokera kuphiri ndiye kuti munthu ali pa mavuto, ndipo aliyense wakumva amasiya chimene akuchita, ngakhale ali pakati pometa ndevu, n'kutenga chingwe ndi fosholo, ulendo wokwera. Choncho palibe amene amaombera chisawawa. Vukota yekha ndiye ankaloledwa, chifukwa mfuti iliyonse akaitsuka ankaiyesa kamodzi pa mulu wa dothi kuseri kwa chisakasa chake. Koma asanatero ankayamba wamenya chidutswa cha njanji chomwe anachipachika pa mtengo wa maapozi, kuti mudzi udziwe kuti ndi iye, palibe amene wagwa.

Mfuti imodzi yokha ndi imene anaibweza osaiyesa, ndipo inali ya Radule.

Radule anali m'bale wake wa lumbiro. Analumbirirana ubale pamaso pa wansembe adakali anyamata, ndipo Radule atakwatira, mkazi wake Jaglika ankamuitana Vukota kuti alamu. Radule anali chimunthu chotuluka thukuta ngakhale pa chisanu, ndipo mfuti yake inkabwera chaka ndi chaka itafiira mbali imodzi. Chaka china Vukota zinamukwana. Anati aithetsa nkhaniyi kamodzin'kamodzi, ndipo m'malo mwa kadontho ka mafuta opyapyala anatenga girizi wa makina ochekera matabwa n'kupaka paliponse, mpaka m'kanjira momwe mumayenda kamsomali kogunda chipolopolo. Akanaiyesa m'mawa wozizira uja akanamva kuti kamsomali kakuyenda mwaulesi. Koma tsiku limenelo mtembo wa gogo Stana unali ukadali m'nyumba, ndipo maliro asanaikidwe mfuti silira m'mudzi. Anamuuza Radule kuti aisiye mpaka mawa. Radule anangoseka, nati nkhosa zake zisanu zatsalira kuphiri ndipo dzanja la Vukota silifuna mboni. Anaisomeka m'chiuno n'kumapita.

Chipale chinagwa tsiku lomwelo, ndipo Radule sanabwerere. Mudzi unatchera khutu kuphiri, osamva kanthu. Tsiku lachitatu amuna anakwera kukamufuna, ndipo Vukota, amene ankadziwa njira za m'bale wake, ndi amene anayamba kumupeza. Anali m'kachigwa kapafupi ndithu, pomwe utsi wa m'nyumba za m'mudzi unkaoneka. Anali atakhala motsamira mwala, mwendo wothyoka, mfuti ili m'manja. Zipolopolo zisanu ndi zitatu zinali mbwee pa chipale. Vukota anatola chimodzi n'kuona kumbuyo kwake kachipsera kakang'ono, ngati pomwe chikhadabo chadina pa sopo. Chachiwiri chimodzimodzi. Zonse. Radule anakoka mfutiyo kasanu n'katatu, girizi atauma gwa ndi chisanu, ndipo kamsomali kankangozikhudza zipolopolozo osaziswa.

Anzake anali m'mbuyo pang'ono. Vukota anatola zipolopolo zonse n'kuziponya m'thumba mwake, n'kulowetsamo zake zatsopano. Anakanula zala zouma za Radule, n'kubweza mfuti m'chiuno, n'kumumanga mabatani a jasi. Atatero m'pamene anafuula kuti wamupeza.

Anachita zimenezi chifukwa cha mantha, ndipo sanaganize kuti anthu adzanena chiyani akadzapeza munthu wafera pafupi ndi mudzi, mfuti yodzaza ili m'chiuno, osaitana. Ananena zimene aliyense akananena. Radule sanafune kupulumutsidwa. Anangokhala pansi n'kudikira. Wansembe anang'ung'udza, kenako anamuika m'mbali mwa mpanda wa tchalitchi monga amaikira odzipha, kutali ndi manda a makolo ake. Azimayi pa chitsime anayamba kufunsana kuti m'nyumba ya Jaglika munali zotani kuti mwamuna asankhe chipale kusiyana ndi kubwerera kwawo. Jaglika anasiya kutunga madzi nthawi imene anzake amatunga. Vukota zonsezi ankaziona, ndipo zinkamuwawa zedi, koma pakamwa pake polasa paja panali patatsekeka.

Chaka chotsatira, nkhosa zitatsika, Jaglika anabwera ndi mfuti itakulungidwa m'thawulo. Anati mwamuna wake ankaibweretsa nyengo ino, ndipo iye safuna kuti iwonongeke mwana wawo Milun asanabwere kuchokera ku sitima zapanyanja kumene ankagwira ntchito. Anaisiya patebulo n'kutuluka.

Vukota anaimasula ali yekha, akuyembekezera mfuti youma ya m'bokosi. Koma mbali ya kumanzere, yomwe imagunda pamimba, inali itafiira ndi dzimbiri latsopano. M'kati munali ubweya wakuda, wachinyezi, wonunkha dothi. Radule moyo wake wonse ankavala majuzi otuwa, ndipo chovala chakuda chokha chimene anavalapo ndi suti imene anamuika nayo m'manda. Vukota anatulutsa zipolopolo, zake zija zimene analowetsa yekha zili zosalala. Chilichonse chinali ndi kachipsera kumbuyo.

Jaglika atabwera kudzatenga, Vukota anamufunsa mozungulira kuti kodi alipo amene amaibwereka. Jaglika anamuonetsa kiyi wa bokosi la mfutiyo yemwe anali pa chingwe m'khosi mwake, nati sanaitulutsepo chiikireni mpaka tsiku limene anaibweretsa.

Apa munthu wanzeru akanapita kwa wansembe, kapena akanaulula. Vukota anali atasankha kale zina. Anaona kuti pali dzanja limene likukoka mfutiyi, ndipo tsiku limene idzalire mudzi wonse udzafunsa mafunso. Choncho anaitsuka kunja mpaka kuwala, analowetsa zipolopolo zatsopano, koma m'kanjira ka kamsomali anadzazamo girizi kuposa poyamba. Sanaiyese. Anamuuza Jaglika kuti mfuti ya malemu siyenera kuvutitsidwa. Chaka chachiwiri anachita chimodzimodzi, chachitatunso. Chaka chilichonse dzimbiri linali latsopano, ubweya wakuda unali momwemo, ndipo tizipsera tinkanka tikuzama.

Chaka chachinayi Jaglika anafika dzuwa litakwera, pamene Vukota ankamalizana ndi Savo, mkulu wina wa ndevu zachikasu ndi fodya.

"Iwe Savo, iyi ndi mfuti kapena kaliwo? Fodya amene ndachotsa muno munthu akhoza kusuta mpaka Khirisimasi."

"Ndiye usute, usandibere," anatero Savo. "Ukakalamba udzasowa wokutukwana, chifukwa tonse tidzakhala titafa ndi pakamwa pako."

Ataona Jaglika pakhomo, Savo anavula chipewa, anang'ung'udza moni osamuyang'ana m'maso, n'kutuluka cham'mbali. Umu ndi mmene amuna ambiri ankamupatsira moni masiku amenewo.

Jaglika anaika thawulo patebulo. Anati Milun wabwera, ndipo sabwereranso kunyanja. Nkhosa ziwiri zatsalira kuphiri, mawa m'mawa akwera kukazifuna, ndipo atenga mfuti ya bambo ake.

Vukota anasuzumira panja. Kumwamba kunali kutatuwa kale kuyambira dzulo, ndipo fungo la chipale linali mumphepo. Anati Milun atenge yake, ya Vukotayo, n'njabwino, anaiyesa sabata yatha.

"Kuti anthu anene kuti chiyani, alamu?" anatero Jaglika. "Kuti mwana wa Radule akuopa mfuti ya bambo ake? Zimene anena kale sizikukwana?"

Anayesa njira ina. Anati Milun adikire, apite ndi anzake, nkhosa ziwiri si kanthu. Jaglika anati mwanayo ndi bambo ake enieni, akanena kuti mawa ndi mawa. Kenako anachita chimene sanachitepo zaka zonsezi. Anakoka kampando pafupi ndi ng'anjo n'kukhala, manja pamiyendo, nati adikira.

Vukota anaima kaye akuyang'ana thawulo. Iye yemweyo anamunyamulapo Milun m'manja mwake tsiku la ubatizo wa mwanayo. Akaisiya mfutiyi mmene ilili, mawa mnyamatayo akwera phiri lomwelo ndi chitsulo chosalankhula m'chiuno. Akaikonza, ilira, ndipo sankadziwa kuti ilira m'manja mwa ndani. Anapukuta manja pa epuloni, n'kufunyulula thawulo.

Anatulutsa zipolopolo n'kuziyala mozondoka kuti kumbuyo kwake kusaoneke. Anamasula mfuti chidutswa ndi chidutswa. Dzimbiri linali pomwe paja, lofiira ngati la dzulo, ndipo chitsulocho chinali chonyowa pang'ono, chotentherako ngati changochotsedwa pathupi. Anachotsa ubweya wakuda ndi kamtengo kosongola. Anathira palafini m'mbale n'kuviikamo tizitsulo. Kenako anakankha kachitsulo kogwira kamsomali. Kamsomali kanakana kutuluka, mpaka anachita kukagogoda ndi nyundo yaing'ono. Kanatuluka katakutidwa ndi girizi wa zaka zinayi, wakuda, wolimba ngati phula.

"Chimenecho n'chiyani?" anafunsa Jaglika.

"Girizi."

"Mumaika wochuluka chonchi m'mfuti zonse?"

Vukota anayamba kupala ndi mpeni, mutu uli pansi. Jaglika anayang'ana moto kanthawi, kenako anayamba kulankhula ndi mawu otsika, ngati akunena za mtengo wa mchere. Anati pali chinthu chimene sanauzepo munthu chifukwa akanamutenga ngati wamisala. Masana, iye akamakanya buledi, m'bokosi mumamveka kaphokoso. Ke. Kenako zii. Ke. Kasanu n'katatu, n'kusiya. Nthawi yotentha kamamveka mwa apo ndi apo, koma chisanu chikayandikira ndi tsiku lililonse. Anati poyamba ankathawira panja. Masiku ano amangokhala pafupi ndi bokosilo n'kumawerenga.

"Sindikudziwa kuti akufuna chiyani, alamu," anatero. "Ndikadadziwa ndikadamupatsa."

Mpeni unamucheka Vukota pa chala, koma sanasiye. Anatsuka kamsomali ndi burashi mpaka kuyera. Anakulunga kansalu pa kawaya n'kukalowetsa m'kanjira kaja, kutulutsa, kusintha nsalu, kulowetsanso, mpaka nsalu yachisanu n'chiwiri inatuluka yoyera. Anauzira ndi pakamwa. Anasintha sipuling'i yomwe inali itatopa. Mafuta opyapyala anadontheza kamodzi pa chala, kupaka pomwe zitsulo zimakhulana, kenako kupukuta mpaka osaoneka. Kamsomali anakasiya kouma, monga bambo ake anamuphunzitsira kalekale. Atagwedeza, kanalira m'kati momasuka. Anabwezeretsa zonse, n'kutsegula paketi yatsopano, n'kulowetsa zipolopolo zisanu ndi zitatu akuwerenga chimodzichimodzi.

Jaglika anati ulendo uno aiyese. Vukota anavomera ndi mutu.

Anatuluka kuseri, Jaglika akumutsatira. Kunali zii, mphepo itaima. Tizipale toyamba tinali titayamba kugwa, tochepa, touma. Vukota anagwira mfuti kudzanja lamanja, italoza pansi, chala chili kutali ndi pokokera. Ndi lamanzere anatola nyundo kuti amenye njanji ija.

Asanamenye, mfuti inalira kuphiri.

Inalira kamodzi, mawu ake n'kugunda m'matanthwe. Kachiwiri. Kachitatu. Inkachokera m'kachigwa kaja, pamwamba pa mudzi, ndipo Vukota sakanaisokoneza ndi ina, chifukwa mfuti iliyonse ya ku Javorje ankaidziwa mawu ake. Nyundo inagwa m'manja mwake. Dzanja lake lamanja silinagwedezeke n'komwe, koma chitsulo chinali chikumuotcha m'chikhatho, ndipo ku mpope wa mfutiyo kunkatuluka kautsi kopyapyala. Anatulutsa zipolopolo n'kuziwerenga. Zinatsala zisanu.

Agalu anayamba kuuwa. Zitseko zinatseguka mudzi wonse. Amuna anatuluka akuvala majasi akuthamanga, zingwe pamapewa, mafosholo m'manja, ndipo popeza njira yakuphiri imadutsa pa chisakasa cha Vukota, onse anasonkhana pa mtengo wa maapozi. Savo anafika akupuma movutikira, n'kufunsa Vukota ngati ndi iye wayamba misala yoombera osamenya njanji. Ena anamuletsa, nati zamveka kumwamba, aliyense wamva. Anayamba kuwerengana kuti aone amene palibe. Anatchula nyumba ndi nyumba. Milun anali pomwepo, wamtali ngati bambo ake, chingwe chili paphewa. Abusa onse analipo. Ana onse anali kusukulu. Basi ya m'mawa sinatsitse mlendo aliyense.

"Tonse tili pano," anatero Savo. "Nanga akuitanayo ndani?"

Ena anachita chizindikiro cha mtanda. Vukota anayang'ana mfuti m'manja mwake, n'kuyang'ana Milun, n'kuona kuti malo obisala atha.

"Ndi Radule," anatero.

Mawu ake anatuluka osasa, ndipo anachita kubwereza. Kenako ananena zonse, ataimirira pomwepo, chipale chikumugwera pamutu. Ananena za girizi, za maliro a gogo Stana, za zipolopolo zisanu ndi zitatu zomwe anazitola pa chipale n'kukaziponya mumtsinje. Anati Radule sanakhale pansi kudikira imfa. Anaitana kasanu n'katatu, akuona utsi wa nyumba yake, ndipo amene anamutseka pakamwa ndi iye Vukota, tsiku lomwe lija ndi zaka zina zitatu pamwamba pake.

Milun anatsitsa chingwe paphewa n'kuponda phazi limodzi kutsogolo, koma mayi ake anamugwira pamkono osamuyang'ana. Jaglika sanalire. Nkhope yake inali itatuwa. Anatembenukira kwa amuna aja, amene kwa zaka zinayi ankamupatsa moni akuyang'ana pansi, ndipo tsopano ankayang'ananso pansi.

"Bambo Savo, mwamva kangati?"

"Katatu, mayi."

"Ndiye mwaimiranji?"

Savo anatsegula pakamwa kuti anene kuti kumeneko kulibe munthu, kuti Radule ali m'mbali mwa mpanda wa tchalitchi, koma anatsekanso. Anatola fosholo yake. Ena anachita chimodzimodzi, m'modzim'modzi. Jaglika anatenga mfuti m'manja mwa Vukota, n'kuipereka kwa mwana wake. Kenako anatola chingwe chimene Milun anagwetsa n'kuchikoleka paphewa la wosula zitsulo.

"Tsogolani, alamu," anatero. "Malowo mukuwadziwa kuposa tonsefe."